Feteleza wadya chiller, koma wolakwa ndine eti

Sabata ino yandimaliza aise, pa famu yomwe ndimagwira ntchito yolima letesi m'madzi a feteleza popanda dothi. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse, kuyeza EC (kuchuluka kwa feteleza m'madzi) ndi pH (mulingo wa asidi) m'mawa, kutsuka mafiluta, kulongedza letesi wopita ku msika wa ku City Deep. Nkhani ndi Lachitatu.

Ndinafika 6 koloko n'kupeza chiller, makina oziziritsa madzi a mbewu, itathima yokha, madzi a m'thanki ali pa 29 digiri pomwe letesi amafuna 18 mpaka 22. Dzuwa la December kuno ku Joni mukulidziwa, mu tunnel momwe timalima letesi mumakhala ngati mu uvuni. Madzi akatentha oxygen amachepa, Pythium, matenda owoletsa mizu, n'kupeza mpata. Nditazula letesi mmodzi ndinagwira pakamwa, mizu yomwe imakhala yoyera mbee inali yabulauni, yoterera, ukaikoka khungu likuvuka n'kutsala kaulusi, fungo ngati la kudambo.

Nditamasula heat exchanger, mbali ya chiller yomwe madzi amadutsamo kuti azizire, ndinapeza zoyera ngati choko zitamata mkati monse, madzi akungodutsa modontha. Feteleza wathu amakhala m'magawo awiri, A ndi B, omwe timathira padera. Kufunsa, mnyamata wathu watsopano wa ku Ntcheu akuti "achimwene, dzulo ndinangothira A ndi B m'ndowa imodzi kuti ndifulumire." Ndiye anakhuthulira pomwe pampu imakokera penipeni. Calcium nitrate ya mu A ikakumana ndi sulphate ndi phosphate za mu B zisanasukulutsidwe ndi madzi zimaundana, gypsum uyo, calcium phosphate uyo, zonse kukakhala mu chiller. Mwanayo sindinamukalipire, palibe anamuphunzitsa, anangomupatsa ndowa tsiku loyamba n'kumuloza thanki.

Chomwe chinandiwawa ndi chomwe chinali pansi pa chokocho. Nditachipala panatuluka zobiriwira, coil, paipi yopindapinda ya mkati mwa chiller, yadyeka, ili ndi timaenje. Chiller yakale itafa ndinawauza bwana, kawiri konse, kuti tigule ya titanium, chitsulo chosadyeka msanga, chifukwa madzi athuwa si madzi wamba, ndi mchere wokhawokha ndipo pH timaisunga pa 5.8, asidi pang'ono amene amadya kopa usana ndi usiku. Iwo anati titanium njodula, n'kubwera ndi yogwiritsidwa kale ntchito ya coil ya kopa, akuti "kuziziritsa n'kumodzi." Kopa akadyeka sapita kwina, amasungunukira m'madzi omwe akupita ku mbewu, ndipo mbewu zimamufuna pang'onong'ono chabe, akachuluka amapha nsonga za mizu. Masabata onsewa ndimadabwa kuti letesi bwanji akukula mokwinimbira EC ili bhobho pa 1.4, kani mizu imadya poizoni. Pythium inangobwera kudzamaliza.

Tsiku lonse tinali pa mpanipani. Kutaya madzi onse, kutsuka mapaipi, kuviika coil mu citric acid, kenako kuthamangira mufiriji kukatenga mabotolo a 2 lita oundana n'kumaponya m'thanki ngati tikuziziritsa thobwa la pa ukwati. Mizere itatu ya letesi tinakataya ku kompositi.

Bwana anafika masana n'kuyamba ndi ine, kuti bwanji sindinaone msanga, mwina andidule malipiro. Ndinangowapatsa coil ija m'manja, zala zawo n'kubiriwira, sanayankhe.

Lachinayi ndi Lachisanu kunali kubzala mbande zatsopano, mabotolo oundana aja tikusinthabe maola awiri aliwonse, magetsi nawo anathimapo masana. Mnyamata uja ndamulembera ndi cholembera cha maka pa thanki, A kaye, dikira izungulire, kenako B, kutali ndi pampu.

Loweruka ndili pa mzere ku Park Station kutumiza katundu kumudzi, WhatsApp ya bwana inalowa. Akufunsa ngati sitingangoipaka penti coil ija n'kuibwezeretsa.