Lero ndinali kwawo kwa Lamborghini

Lero tinakwera basi kuchoka ku Bologna kupita ku Sant'Agata Bolognese, kuno ku Italy, ine ndi mnzanga wina wakonkuno yemwe timaphunzira limodzi. Malo ake ndi minda yokhayokha, simungaganize kuti magalimoto othamanga chonchi amachokera kumeneko, koma ndi pomwe Ferruccio Lamborghini, mkulu wopanga mathirakitala uja, anamanga fakitale mu 1963 ndipo mpaka pano akupangirabe pompo.

Mu myuziyamu ndinakakamira pa Miura ya 1966. Abale galimoto kufupika, denga lake silindifika n'komwe pachifuwa, injini ya V12 (ya masilinda 12) anaigoneka chopingasa kumbuyo kwa dalaivala. Countach ndinangoijambula n'kudutsa, anthu anachuluka.

Mkangano unabuka titafika pa Urus, galimoto yawo yaikulu yamtundu wa SUV. Mnzangayo akuti iyi si Lamborghini ayi, ndi Audi yongosintha malaya, ndipo sakunama kwenikweni chifukwa pansi pake ndi pachibale ndi Audi Q8 komanso Porsche Cayenne, injini yake ndi V8 ya m'banja la Volkswagen, eni ake a Audi. Zimamuwawa kuti kuyambira 1998 mabwana ndi a Audi, ma German.

Ine ndinati aise, tayamba wakumbukira momwe zinalili Audi isanabwere. Ferruccio mwini wake anagulitsa kampani m'ma 1970 n'kupita kukalima mphesa ku Umbria, mu 1978 kampani inagwa, mu 1987 anaitenga a Chrysler, mu 1994 inapita kwa anthu a ku Indonesia, kumangodutsa m'manja basi, ndiye nthawi imeneyo ndani anali ndi ndalama zosamalira zakale? Polo Storico, nthambi yosunga mapulani akale, kukonza magalimoto akale, kupeza ma sipeya ndi kupereka satifiketi yoti galimotoyi ndi yeniyeni, anaikhazikitsa mu 2015, pansi pa Audi yomweyo. Ndipo ntchito ngati imeneyi imadya ndalama. Mu 2023 anagulitsa magalimoto opitirira 10,000 koyamba m'mbiri yawo ndipo oposa theka anali ma Urus. Yomwe akuinyozayo ndi imene ikudyetsa banja lonse.

Chinandisangalatsa kwambiri ndi Revuelto ya 2023. Akanatha kuchepetsa injini, kuika turbo ngati momwe ambiri akuchitira, koma V12 anaisiya yopanda turbo n'kungowonjezera mamota atatu amagetsi. Kwa ine apo ndiye pali mbiri, m'galimoto yoti ikupangidwabe, osati zongoimika m'nyumba anthu n'kumajambula.

Pomwe ndinagwirizana naye ndi podandaula kuti injini ya V10 ya galimoto ya Huracán anaichotsa, Temerario yomwe yalowa m'malo mwake ili ndi V8 ya turbo. Koma nditamukumbutsa kuti V10 akuilirayo inalinso mu Audi R8 anangoti tiye tikadye, njala yandipweteka.