Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Boti la Pangalande ku Wales

Gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ndinayamba ntchito yosamalira agogo aja a ku Wrexham, ku Wales, omwe miyendo inali itawakana koma pakamwa ayi ndithu. Nyengo yotentha itafika, mwana wawo anachita hayala boti la pangalande kuti bambo ake akaonenso komwe ankasewera ali mnyamata, ndipo anapempha kuti ndipite nawo. Mayi akunyumba atamva anaseka mpaka misozi. "Inu bambo, munthu wa ku Nkhotakota, wodziwa mwera, mukakwere boti la mumfuleni? Kumudzi musakanene."

Tinanyamukira ku Ellesmere, ku England, pa ngalande yopita ku tauni ya Llangollen ku Wales. Mabotiwa eni ake amawatchula kuti narrowboat. M'lifupi ndi mamita 2 ndi kakusefukira pang'ono basi, koma ndi aatali, ndipo m'katimo muli mabedi, khitchini, chimbudzi, bafa ndi mbaula. Madzi ake ndi odera, opanda funde, malo ambiri munthu ataima angalekeze m'chiuno. Lamulo limati usapitirire mamailosi 4 pa ola, ndiye azimayi oyendetsa agalu m'mbali mwa ngalande ankatipitirira n'kumatibayibitsa. Ineyo, amene ntchito inandizoloweretsa kudya chiimire ndi kuthamangira basi, poyamba mtima unkachita kuwawa. Koma boti silimva zimenezo. Ukawonjezera moto limangokumba matope, ndipo a m'maboti oima amakuyang'ana ndi diso lofiira.

Kanjira ka m'mbalimo kanali ka mahatchi. Agogo anandiuza kuti hatchi imodzi inkakoka boti lodzaza malasha kapena miyala ya laimu, mpaka njanji zinadzalanda malonda onsewo. Ngalande zambiri zinafa. Iyi inapulumuka chifukwa imatunga madzi mumtsinje wa Dee pa Horseshoe Falls n'kuwapititsa ku damu la Hurleston ku Cheshire, komwe anthu amamwa. N'chifukwa chake madzi ake amayenda ndithu, ndipo popita ku Llangollen umakhala ukulimbana nawo.

Pa New Marton ndi pomwe ndinaona mmene boti limakwerera mtunda. Limalowa m'kachipinda ka njerwa, kumbuyo n'kutseka zitseko zamatabwa zolemera. Ine ndinatsika ndi chitsulo chopukusira, n'kupukusa mpaka kachitseko ka pansi pa madzi katseguka. Madzi anayamba kuwira, boti n'kumakwera pang'onopang'ono, mutu wa agogo n'kumatulukira. Chitseko chakutsogolo sungachikankhe madzi asanalingane mbali zonse, ngakhale utakhala ndi mphamvu za njovu. Akalingana, umangotsamira mtandawo ndi msana n'kumabwerera chambuyo, chimatseguka chokha. Palibe magetsi, palibe injini. Amene anaganiza zimenezi ndinawavulira chipewa.

Pa Chirk tinawoloka mtsinje wa Ceiriog, kuchoka mu England kulowa mu Wales, kenako mphanga ya mdima ya mamita oposa 400, madzi akutidonthera m'khosi.

Ndiye kunabwera Pontcysyllte. Dzinali musandifunse katchulidwe kake. Ndi mlatho wonyamula ngalande yonse pamwamba pa chigwa cha Dee, mamita 307 kutalika, mamita 38 kuchoka pansi. Anaumanga mainjiniya Thomas Telford ndi William Jessop, unatsegulidwa mu 1805, ndipo mu 2009 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inauika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Madziwo amayenda m'chimphika chachitsulo chachitali, chongokwana boti limodzi. Mbali imodzi kuli kanjira ka oyenda pansi kokhala ndi zitsulo zogwirira. Mbali inayo kulibe kalikonse, ndi mlomo wa chitsulo wongotuluka pang'ono pamwamba pa madzi, kenako phompho.

Chiwongolero chinali m'manja mwanga. Nditasuzumira ndinaona nsonga za mitengo pansi panga, nkhosa zikuoneka ngati nyemba zotayika pabwalo, mtsinje ukuchita thovu patali. Mawondo anayamba kuombana. Pa Ilala ndinakumanapo ndi mafunde osanzitsa anthu akuluakulu, koma kumeneko ukagwa umadziwa kuti ugwera m'madzi. Boti linkakhula chitsulocho, kwee, kwee, ine maso ndinangowalozetsa kutsogolo.

Agogo ndiye anali pa chisangalalo. Anakakamira kuti tiwakhazike kutsogolo kwa boti, bulangete pamiyendo, akuimba nyimbo ya m'chinenero chawo cha ku Wales, chomwe kunyumba sindinawamvepo akulankhula. Mwana wawo, bambo wa imvi kale, anasiya kujambula n'kulowa m'kati, ati kukatereka tiyi.

Titakocheza pa Trevor foni inalira. Anali mayi akunyumba. "Bambo, kalata ya chitupa ija yabwera. Nditsegule kapena ndikudikireni?" Ndinawauza kuti atsegule. Zomwe zinali m'menemo ndi za gawo 18.