Mkono wa gitala wakana kukhazikika

Lachinayi usiku, ku Nchalo. Kutentha kwa Okutobala sikukundilola kugona, komanso mtima wanga ukadali pa mkono wa tremolo wa gitala yanga ya magetsi, chitsulo chopindika chimene chimalowetsedwa mopotokola m'bowo la pa gitala, ndipo woimba akachikankha mawu a nsambo amatsika. Pamene timayeserera nyimbo za ukwati wa Loweruka ku Ngabu, ndinkati ndikausiya pafupi ndi chala chaching'ono kuti ndiupeze msanga, iwo unkalendewera pansi, ndipo ndikaukankha unkayamba wagogoda m'bowo mawu asanatsike. Kugogodako kunkamveka ndithu m'sipika.

Ndinachita zimene ndakhala ndikuchita miyezi yonseyi, kuupotokola mwamphamvu mpaka ulimbe. Malume, amene agwira ntchito ya mapaipi zaka zambiri, anali pakhonde akundiyang'ana, ndipo anandigwira dzanja.

"Mphwanga, mazinga sakakamizidwa. Tandipatsa ndione."

Anauzula mkonowo, napukuta mazinga ake ndi chala, kenaka anandionetsa tinyenyeswa totuwa timene tinatsalira pachalapo. Anati chitsulo cha m'katimo n'chofewa kuposa mkonowo, choncho ndikamalimbitsa ndimadya mazinga a bowolo, ndipo tsiku lina mkono udzathyokera momwemo. Mawu amenewa anandilasa, chifukwa gitalayi ndinaigula ku Limbe ndi ndalama za thonje la chaka chathunthu.

Ndinawafotokozera kuti gitala yangayi inatengera kapangidwe ka Stratocaster, imene kampani ya Leo Fender inatulutsa mu 1954, ndi kuti pansi pa bowolo pamaikidwa kasipuling'i kakang'ono kolimba, kamene kamakankha mkono kuti ukhale pamene wausiya popanda kuumanga mpaka kumapeto. Kasipuling'iko kamagwa mosavuta munthu akachotsa mkono n'kutembenuza gitala. M'bowo langa mulibemo. Tinayesa ka m'bolopeni, koma kanafwanyika nditangopotokola kawiri.

Pamenepo malume anatulutsa m'thumba tepi yoyera yopyapyala imene amakulungira mazinga a mapaipi kuti madzi asadonthe. Anaikulunga katatu motsatira kumene mkono umalowera, n'kundiuza kuti ndilekeze pamene wangoyamba kugwira. Kugogoda kuja kunatheratu. Mkono unaima pamene ndinausiya, ndipo ndinaimba nyimbo ziwiri ndikumwetulira ndekha.

"Tepiyi imatha, uziyenda nayo m'chikwama," anatero ponyamuka.

Chimene chikundisautsa n'chakuti sindinawauze kuti mkonowu sunabwere ndi gitalayi. Ndinaugula paokha kwa mnzanga wina wa bandi, ndipo mazinga a magitala ambiri opangidwa ku America amayezedwa m'mainchi pamene a magitala ambiri a ku Asia amayezedwa m'mamilimita. Ngati ndakhala ndikulowetsa mkono wolakwika nthawi yonseyi, ndiye kuti tinyenyeswa tija ndi mazinga amene ndawapera ndekha, ndipo tepi yangobisa bala. Ndadzuka kawiri kukaugwedeza mumdima muno. Ukugwirabe, koma Loweruka tidzaimba kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa.