Mmene ndinadutsira pa DBS ya ntchito yosamalira okalamba ku England

Ntchito yosamalira okalamba ku England ndi ku Wales imayamba ndi DBS, kufufuza ngati munapalamulapo mlandu. Ofesi yake ndi Disclosure and Barring Service, yomwe inakhazikitsidwa mu 2012. Ku Scotland ndi ku Northern Ireland kuli maofesi awoawo.

Choyamba ndinafunsa abwana mtundu wa DBS womwe akufuna, chifukwa mtunduwo ndi umene umanena kuchuluka kwa zinsinsi zanu zimene abwana angaone. Ya basic imaonetsa milandu yokhayo imene sinafafanizike malinga ndi lamulo la 1974 la Rehabilitation of Offenders, ndipo mutha kuifunsira nokha. Ya standard imavundukula ndi milandu yakale. Ya enhanced, yomwe ntchito yathuyi imafuna, imawonjezera zimene apolisi a m'dera aona kuti zikukhudzana ndi ntchitoyo, ngakhale nkhaniyo sinafike kukhoti, komanso kaundula wa anthu oletsedwa kusamalira ana kapena akuluakulu osatha kudziteteza. Ziwiri zomalizazi amafunsira ndi abwana, ndipo lamulo silimawalola kuzifunsira pa ntchito ina iliyonse. Wogulitsa m'sitolo akauzidwa kuti pafunika enhanced, afunse chifukwa chake.

Pa fomu ndinalemba mayina onse amene ndinagwiritsapo ntchito, ndi ma adiresi a zaka 5 zapitazo, mwezi ndi chaka, osasiya mpata. Apa ndiye pomwe mafomu ambiri amabwerera. Wina walemba Nyabanda, pasipoti ikuti Banda. Wina wadumpha miyezi imene ankagona kwa mnzake atangofika. Zaka za kumudzi zilembeninso. Kenako abwana anaona mapepala enieni: pasipoti, laisensi yoyendetsera galimoto, ndi sitetimenti ya ku banki yosapitirira miyezi 3.

Musaganize kuti DBS imaona za ku Malawi. Siiona. N'chifukwa chake pofunsira viza ya ntchito zachipatala kapena zosamalira anthu amafuna kalata ya polisi ya dziko lililonse limene munakhalako miyezi 12 kapena kuposerapo m'zaka 10 zapitazo. Kwathu mumakadinda zala kupolisi, ndipo amakazifufuza ku likulu la polisi ku Area 30 ku Lilongwe. Amene anakhalako ku Joni afunikanso ya kumeneko.

Satifiketi inabwera pa positi kunyumba kwanga, osati kuntchito, ndipo zakhala choncho kuyambira mu 2013. Ine ndimaona kuti ndi nzeru, chifukwa mumayamba mwawerenga nokha abwana asanaone. Milandu ina yaing'ono imasefedwa yokha, osaonekanso pa satifiketi: chenjezo la apolisi kwa munthu wamkulu pakapita zaka 6, chigamulo cha khoti pakapita zaka 11, pokhapokha ngati munapatsidwa chilango cha ndende kapena mlanduwo uli m'gulu la milandu yoopsa monga yogwiririra.

Satifiketi itangofika ndinalembetsa Update Service, njira ya DBS yoti satifiketi yomweyo igwirenso ntchito kwa abwana ena. Mpata wake ndi masiku 30 okha kuchokera tsiku lolembedwa pa satifiketi. Mumalipira chaka ndi chaka, ndipo abwana atsopano amangoyang'ana pa intaneti, koma mutawalola inuyo. Mukapeza zolakwika, monga mlandu wa munthu wina wa dzina lofanana ndi lanu, dandaulani ku DBS miyezi 3 isanathe. Atha kukutumizani kupolisi kukadinda zala kuti akusiyanitseni ndi munthuyo.