Lipoti la ulendo wa aphunzitsi a ku Lusaka wopita ku Cape Town

Anzanga a m'gulu amene simunathe kubwera nawo, nali lipoti lomwe munandituma kuti ndilembe. Ndalama za chilimba chathu zinakwanira matikiti opita ndi obwerera, ndipo pogona ndi chakudya anatisamalira ndi aphunzitsi anzathu a kumeneko. Tinanyamuka pa Intercity tchuthi cha Ogasiti chitangoyamba, n'kudzera ku Livingstone, mlatho wa Kazungula ndi Francistown, mpaka ku Johannesburg komwe tinasintha basi. Za pamsewu sindichulutsa gaga m'diwa: miyendo inatupa, ndipo amene ananyamula majuzi opepuka anaona zakuda, chifukwa chisanu cha ku Cape Town chimabwera ndi mvula ndi mphepo ya kunyanja.

Chomwe chinatitengera kumeneko tinachipeza kudoko. Kunali SA Agulhas II, chombo chofiira cha dziko la South Africa chomwe chimang'amba ayezi popita ku Antarctica. Chinamangidwa ku Finland, chinayamba ntchito mu 2012, ndipo ndi chomwe chimanyamula anthu ndi katundu wa siteshoni ya kafukufuku ya SANAE IV ku Antarctica komanso wa kuzilumba za Marion ndi Gough. Ife tinangochionera kunja. Madzulo ake, m'holo ya sukulu ina, mayi wina wasayansi yemwe anayendapo m'chombocho anacheza nafe mpaka mlonda anayamba kugwedeza makiyi.

Anayamba ndi chithunzi cha chibenthu cha ayezi chomwe chombo chinachigudubuza. Pamwamba choyera kuti mbee, koma kunsi kwake kofiirira ngati pathiridwa tiyi. Kufiirirako ndi ndere. Madzi a m'nyanja amaundana pa madigiri pafupifupi 1.8 kunsi kwa ziro, ndipo akamaundana mchere umafinyidwira m'timingalande ting'onoting'ono m'kati mwa ayezimo. Ndere zimamera m'menemo ndi kunsi kwake, ngakhale kuwala kukhale kochepa.

Kenaka anatizunguliza kabotolo. M'katimo munali krill, kachilombo kotalika masentimita 5 kapena 6, ka maso akuda otuzuka ndi timiyendo tambirimbiri, thupi lake loonekera mkati. Bambo wina wachikulire wa ku Matero anakayang'anitsitsa pawindo, n'kuseka: "Amayi, uyu si kapenta wa kwanu kuno?" Mayiyo atamva za kapenta wa ku Siavonga ndi ku Mpulungu anavomera kuti fanizolo likugwira, ngakhale krill si nsomba: ndi ndiwo yaing'ono yomwe khamu lonse limadalira. Anangumi, mapengwini, nsomba, mbalame za m'nyanja ndi akatumbu a m'nyanja otchedwa crabeater, omwe mano awo ndi osefera, onse amadya iyeyu. Tiana take timapulumuka nyengo yachisanu pobisala kunsi kwa ayezi n'kumanyambita ndere zija. Ayezi akachedwa kuundana kapena akafulumira kusungunuka, tianato timasowa podyera ndi pobisala, ndipo njala yake imakafika kwa nangumi patapita chaka kapena zaka.

Apa ndi pomwe ine ndinatola chenicheni cha ulendowu. Ife m'kalasi timajambula mivi: dzuwa, chomera, chodya chomera, chodya nyama. Mivi imeneyo siionetsa nthawi, pomwe kumeneko nkhani yonse yagona pa nthawi. Ayezi wozungulira Antarctica amakula kufika masikweya kilomita pafupifupi 18 miliyoni mwezi wa Sepitembala, n'kutsika kufika pafupifupi 3 miliyoni mu Febuluwale, chaka ndi chaka, ndipo zamoyo zinazolowera kalendala imeneyo. Mpaka 2014 ayeziyu ankawonjezeka pang'onopang'ono. Kuyambira 2016 anayamba kutsika mwadzidzidzi, ndipo mu Febuluwale 2023 anafika pa 1.79 miliyoni, kuchepa komwe masetilaiti anali asanakuonepo chiyambire kuyeza cha m'ma 1979.

Chitsanzo chomwe chinatontholetsa holo yonse ndi cha mapengwini aakulu otchedwa emperor. Awa amaswera pa ayezi wogwirana ndi gombe m'kati mwa chisanu, ndipo anapiye awo samera nthenga zosalowa madzi mpaka cha mu Disembala. Mu 2022, ku nyanja ya Bellingshausen ya ku Antarctica, ayezi anasweka msanga, cha mu Novembala. Akatswiri a British Antarctic Survey, poona zithunzi za masetilaiti, anapeza kuti pa magulu asanu a kumeneko, anayi anataya anapiye awo onse. Mayi wina wa ku Chawama, yemwe amaweta nkhuku kuseri kwa nyumba, anangogwira pakamwa.

Komabe si zonse zomwe zikulira. Kufupi ndi siteshoni ya kafukufuku ya Palmer ku Antarctica, mapengwini a Adélie omwe amakonda ayezi achepa kwambiri kuyambira zaka za m'ma 1970, pomwe a gentoo omwe amakonda madzi otseguka achuluka. M'zaka zosowa ayezi mumachulukanso ma salp, tizilombo tonga mamina tomwe timadya ndere zomwezo koma sitikhutitsa nangumi. Choncho nyanja sikutsala yopanda kanthu; ikusintha eni ake.

Za kumpoto, ku Arctic, anangodutsamo mwachidule. Kumeneko ayezi wa mu Sepitembala wakhala akuchepa kwa zaka zambiri, ndipo anachepetsetsa mu 2012. Chimbalangondo choyera chimagwira akatumbu chitaima pa ayezi. Ayezi akachoka msanga chimakhala kumtunda miyezi yambiri chikudya mafuta a m'thupi mwake.

Mawa lake tinapita ku Hermanus, tauni ya m'mbali mwa nyanja kum'mawa kwa Cape Town. Tinaima pathanthwe, ndipo nangumi wamtundu wa southern right anatulukira pafupi moti tinamva mpweya wake kuti fuu, kamwana kake kali pambali, mutu wake uli ndi zigamba zoyera zokhakhala. Anangumi amenewa amabwera kudzaberekera kugombeli koma amakadyera kum'mwera kozizira. Ofufuza a University of Pretoria omwe amawawerenga ali m'ndege aona kuti zazikazi zikubwera zowonda kusiyana ndi kale, ndipo zambiri zikupitirira zaka zitatu za masiku onse zisanaberekenso.

Ku gombe la Boulders Beach, pafupi ndi Cape Town, kunabuka mtsutso pakati pathu. Mnyamata wina wa ku Kabwata ataona mapengwini a ku Africa anati nawonso akutha chifukwa cha ayezi. Bambo a ku Matero aja anamudzudzula mofatsa: "Ayi mwana wanga, awa ayezi sakumudziwa n'komwe." Ananena zoona. Amenewa amadya masadini ndi anchovy, ndipo vuto lawo lalikulu ndi kusowa kwa nsombazo; mu 2024 anaikidwa m'gulu la zamoyo zomwe zili pafupi kwambiri kutheratu. Ndikuona kuti chizolowezi chokankhira chilichonse ku kusintha kwa nyengo tichisiye, chifukwa chimabisa dzanja la munthu pomwe likuonekeratu. Ngakhale krill yemwe uja akukokoledwa ndi zombo, makamaka za ku Norway, kuti apange chakudya cha nsomba zoweta ndi mafuta a makapisozi. Bungwe la CCAMLR loteteza zamoyo za m'nyanja yozungulira Antarctica, lomwe South Africa ndi membala wake, linaika malire a matani 620,000 pachaka kudera lomwe amasodzako kwambiri, ndipo mu 2025 malirewo anakwana msanga moti usodziwo unatsekedwa nyengo isanathe.

Zithunzi ndi mapepala omwe tinapatsidwa zili kwa mlembi, ndipo tidzazigawana pamsonkhano wa mwezi uno. Anzathu a ku Cape Town akufuna kudzabweza ulendowu chaka chamawa, ndipo apempha kuti tidzawatengere ku Siavonga akaone mabwato a kapenta akuyatsa nyali usiku. Amene muli ndi chipinda cha alendo, lembetsani kwa amayi apampando msonkhanowo usanafike.