Boat-tail kapena flat-base: zomwe pepala linandiphunzitsa

Miyezi itatu tsopano ndikuphunzira kudzipangira ndekha zipolopolo za mfuti yosakira agwape kuno ku Scotland, amati handloading. Ndikuti agwape poti ndilibe dzina lina, koma red deer wa kuno ndi chinyama ndithu, osati kagwape kathu kothamanga m'munda wa chinangwa kaja. Ndimathandiza madala ena omwe ntchito yawo ndi kuchepetsa agwape pa esiteti ina kumapiri, ndipo ndi iwowo anandikakamiza kulemba DSC1, satifiketi ya ulenje wa agwape, kenako laisensi ya mfuti itatuluka anati tsopano khala pa benchi uphunzire kudzaza wekha.

Kudzazako sikunandivute kwambiri. Khesi (chikho cha chitsulo chosungira onga), pulaima (kachitsulo koyatsira ongawo), onga woyeza pa sikelo ndendende monga buku la kampani lanenera, kuyambira mlingo wotsika osathamangira wapamwamba, kenako mutu wa chipolopolo. Agogo anga kumudzi ankathira onga mu gogodera ndi maso basi, apa ukatero utaya zala. Chomwe chinandidyera tulo ndi mutuwo, makamaka matako ake. Pali flat-base, chomwe kumbuyo kwake ndi kodulidwa fulati ngati pansi pa kapu, ndiye pali boat-tail chomwe kumbuyo kumachepa pang'onopang'ono ngati kumchira kwa bwato.

Ine mwachibwana ndinagwa m'chikondi ndi boat-tail nditangoona manambala. Pali nambala ina amati BC, imasonyeza mmene chipolopolo chimang'ambira mpweya, ikakwera ndiye kuti sichitaya liwiro msanga. Chipolopolo chikamauluka kumbuyo kwake kumatsala malo a mpweya wochepa omwe amachikokera m'mbuyo, ndiye kamchira kaja kamachepetsa malowo. Nzeru yake si yatsopano ayi, asilikali a ku France anali nayo kale mu 1898 pa chipolopolo chawo cha Balle D cha mfuti ya Lebel, kungoti iwo ankafuna kufikira adani ali kutalitali. Mukaona mabuku a Sierra, kampani yopanga mitu ya zipolopolo, mwachitsanzo, pa .243 (saizi ya mpope wa mfuti) ya magireni 100 (gireni ndi muyeso wa kulemera kwa mutuwo), GameKing yomwe ndi boat-tail BC yake ili cha m'ma .430 pomwe Pro-Hunter ya flat-base ili cha m'ma .370. Ndinati basi nkhani yatha, ndani angasankhe nambala yaying'ono?

Madala aja anangondifunsa funso limodzi, "Iwe, gwape womaliza amene tinakoka limodzi uja anali pa mtunda wanji?" Ndinati mwina mamita 120 bambo. "Nanga wa dzana lake?" Sanafike ndi 100 yomwe. Anati kalowetse manambala akowo mu foni uone. Ndinalowetsa mu ka apu kowerengera kagwedwe ka chipolopolo, liwiro lofanana, kulemera kofanana, ndipo pa mamita 200 kusiyana kwa kagwedwe sikunakwane ndi kunenepa kwa chala. Pa 300 mpomwe kumayamba kuoneka, makamaka mphepo ikamaomba chammbali, boat-tail sikankhidwa kwambiri. Koma malo owombera gwape, pamtima ndi mapapo, ndi aakulu ngati mbale ya nsima, ndipo ine pa 300 sindiloledwa n'komwe kukoka trigger, madala akhoza kundilanda mfuti pompo.

Ndiye tinapita ku renji ndi mitundu iwiri yomwe ndinadzaza ndekha, yonse magireni 100, dzina la kampani tisiye poti vuto silinali lawo. Apa mpomwe ndinaphunzira za twist. M'kati mwa mpope wa mfuti muli mizere yopota yomwe imazunguza chipolopolo ngati nguli kuti chisapidiguke, ndipo .243 yanga, monga zambiri zakale, imazunguza kamodzi pa mainchesi 10 alionse. Chomwe sindinkadziwa n'choti twist imalimbana ndi kutalika kwa chipolopolo kuposa kulemera kwake. Boat-tail pa kulemera komweko imakhala yaitaliko chifukwa cha mchira uja, ndiye pa 1 mu 10 magireni 100 amakhala ali m'malire, mfuti ina imazikonda ina ayi, makamaka kukazizira mpweya utalemera ngati kuno mu Januwale. Yanga inakana. Ma flat-base asanu anaunjikana pa pepala la target moti ndinawaphimba ndi chitsekero cha botolo la Fanta, ma boat-tail anamwazikana ngati nkhuku zaona kabawi. Tinabwereza sabata yotsatira poganiza kuti mwina ndi manja anga, zomwezo.

Madala anandifotokozeranso kuti chipolopolo chikamatuluka kukamwa kwa mpope, mpweya wotentha wa onga umachipitirira, ndipo flat-base imasiyana ndi mpope kamodzi n'kamodzi mbali zonse pomwe boat-tail mpweya uja umanyambita mchira wake, ndiye ngati kukamwa kwa mpope kuli kokumbika pang'ono kapena mpope unadyeka, boat-tail ndi yomwe imavutika. N'chifukwa chake anthu a mpikisano wa benchrest, wowombera mfuti itakhazikidwa pa tebulo, pa mayadi 100 ndi 200 ambiri amagwiritsa flat-base, ndipo eni mfuti zakale za Lee-Enfield za .303 amakuuzani zomwezo.

Pa benchi pokha boat-tail ndiyabwino, ndisaname. Imakhala yokha pakamwa pa khesi n'kulowa bwinobwino. Flat-base imafuna upale kaye m'kamwa mwa khesi ndi kachitsulo ka chamfer, ine tsiku loyamba ndinadumpha zimenezo, ndinaphwanya makosi a makhesi anayi n'kusupula mkuwa wa chipolopolo, madala akungondiyang'ana akumwa tiyi osanena kanthu. Mbali ina, mchira uja umalowa kwambiri m'khesi n'kudya malo a onga, ndiye ukasintha mutu ngakhale kulemera kuli komweko umayambiranso pa mlingo wotsika wa m'buku, osangokopera za dzulo.

Za mmene zimachitira zikalowa m'nyama, alenje ambiri amati boat-tail ya mtovu wokutidwa ndi mkuwa imavula jekete, mkuwa wakunjawo, msanga ikagunda fupa pafupi. Madala amati agwape onse omwe anawapeza ndi jekete yovuka anali atafa kale pomwe ankaifufuza, ndiye samataya nazo nthawi. Lamulo nalonso silifunsa za mchira. Limafuna chipolopolo chofutukuka chikalowa, liwiro losachepera mafiti 2,450 pa sekondi, mphamvu ya 1,750 foot-pounds kwa agwape akuluakulu, ndipo kulemera kunali magireni 100 mpaka 2023 pomwe anatsitsa kufika pa 80. Anatsitsa chifukwa cha nkhani ya twist yomweyi: zipolopolo za mkuwa wokhawokha zopanda mtovu ndi zazitali kwambiri, ya magireni 100 siikhazikika mu .243 wamba.

Ndipo kumeneko ndi komwe tikulowera, ogula nyama ambiri akufuna yopanda mtovu. Bokosi la flat-base lomwe ndatsala nalo mwina lindifikitsa kumapeto kwa sizoni ya agwape aakazi pa 15 Febuluwale, kenako ndiyambirenso ndi zamkuwa za magireni 80. Madala andiuza kale kuti ndibwere ndi mapepala a target ambiri, foni ndisiye m'galimoto.