Chipinda Chimene Akazi Sankaloledwa Kulowamo

Kwa milungu itatu, pokonzekera mayeso a mbiri ya zojambulajambula, ndakhala ndikuloweza mayina a akazi ojambula zithunzi, monga Anguissola, Gentileschi, Leyster, Ruysch ndi Vigée Le Brun, koma mayinawo ankangoyandama m'mutu mwanga popanda chowalumikiza. Dzulo usiku, nditayang'anitsitsa chithunzi chimene Johann Zoffany anamaliza cha m'ma 1772, ndipamene zinthu zinayamba kumveka, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Chithunzicho chikuonetsa mamembala a Royal Academy, bungwe la akatswiri a zojambulajambula la ku London, atasonkhana m'chipinda chophunziriramo kujambula thupi la munthu wosavala. Amuna adzaza chipindacho, ena atakhala pansi, ena ataimirira, koma Angelica Kauffman ndi Mary Moser, amene anali m'gulu la anthu oyambitsa bungweli mu 1768, sakuoneka ngati anthu amoyo. Nkhope zawo zangopachikidwa pakhoma monga zithunzi ziwiri, chifukwa zinkaonedwa kuti n'zosayenera kuti mkazi aime m'chipinda chotero.

Za kasanjidwe ka mitundu ya zithunzi, komwe kankaika mitundu ina pamwamba pa inzake, sindibwereza, popeza tonse m'kalasi mwathu tinakaphunzira chaka choyamba. Chimene sindinachione kale n'chakuti zithunzi za mbiri yakale ndi za nkhani za m'Baibulo, zomwe zinkapatsidwa ulemu woposa zonse, sizinkatheka popanda kudziwa bwino thupi la munthu, ndipo chidziwitsocho chinkapezeka m'chipinda chomwecho chimene akazi ankaletsedwa. Ambiri anatembenukira ku nkhope za anthu, maluwa ndi zipatso, kenako olemba mbiri anadzanena kuti akazi amangotha zazing'ono. Anawatsekera khomo, n'kuwadzudzula kuti sanalowe. Ku France, bungwe la mfumu la ojambula linalamula mu 1770 kuti mamembala aakazi asapitirire anayi, ndipo sukulu ya zojambulajambula ya École des Beaux-Arts ya ku Paris inayamba kulandira ophunzira aakazi mu 1897. Ku London, mkazi wotsatira kukhala membala weniweni wa Royal Academy pambuyo pa Kauffman ndi Moser anali Laura Knight, mu 1936.

Tsopano ndili ndi njira imene ndikuiona kuti imaposa kuloweza kulikonse. Pa dzina la mkazi aliyense ndimalemba mafunso awiri okha: anamuphunzitsa ndani, ndipo ankaloledwa kulowa kuti? Mayankho ake amafanana modabwitsa. Artemisia Gentileschi anaphunzira kwa bambo ake Orazio, bambo a Kauffman ndi a Rosa Bonheur analinso ojambula, ndipo bambo a Rachel Ruysch anali katswiri wa zomera ndi wa kapangidwe ka thupi, zomwe zikufotokoza kulondola kwa maluwa ake. Ndikukhulupirira kuti wophunzira wokhala ndi mafunso awiriwa akhoza kuyankha pafupifupi funso lililonse la mayeso pa mutuwu.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anaika akazi onsewa mu mlungu umodzi wakumapeto kwa teremu, atatha milungu yambiri pa Michelangelo ndi Rembrandt, ndipo chithunzi cha Zoffany anangochidutsa mofulumira ngati chokongoletsera phunziro. Akanayambira pamenepo, bwenzi ndisanataye nthawi yonseyi, yomwe panopa ndikuisowa pokonzekera maphunziro ena.

Komabe Judith Leyster akundisowetsa mtendere. Iyeyu sanali mwana wa wojambula, analowa m'bungwe la ojambula la mumzinda wa Haarlem ku Netherlands mu 1633, ndipo anali ndi ophunzira akeake. Khomo linatseguka, koma atamwalira ntchito zake zinayamba kutchedwa za Frans Hals, mwamuna wojambula wotchuka wa mumzinda womwewo, mpaka mu 1893 pamene chizindikiro chake cha zilembo J ndi L ndi nyenyezi chinazindikiridwa pa chithunzi chimene anthu ankati ndi cha Hals. Mafunso anga awiri sakufika pamenepa, ndipo ndikukayika ngati ndamvetsadi nkhani yonse kapena ndangogwira mbali imene inali yosavuta kuigwira.